Tipereke miyala yathu, koma mafupa akhale oumba



Teremu ino sukulu yathu yalandira kalata yochokera ku koleji ina yophunzitsa aphunzitsi, komwe ena mwa ana athu amapita akamaliza Fomu 4. Kolejiyo ikukonza chipinda chosungiramo miyala ndi mafupa a zamoyo zakale, kuti amene akuphunzira uphunzitsi wa Geography ndi sayansi azigwira ndi manja zinthu zimene adzaphunzitse. Ikupempha masukulu zinthu ziwiri: miyala ya m'madera mwathu, ndi thandizo lililonse loti igulire mafupa oumba. Komiti ikumana pa nkhaniyi tisanatsekere. Ife aphunzitsi amene timalemba tsamba lino takambirana, ndipo maganizo athu ndi akuti tivomere, koma tiike mfundo zathu.

Tiyambe ndi kuvomera vuto lathu. Chaka ndi chaka timaima kutsogolo kwa kalasi kuphunzitsa kuti miyala ili m'magulu atatu: yochokera ku chiphalaphala cha moto wa pansi pa nthaka, yopangidwa ndi mchenga, matope kapena zigoba zomwe zidaunjikana n'kuuma, ndi imene idasinthika chifukwa cha kutentha ndi kupanikizika. Ana amalemba m'makope, amaloweza, ena mpaka amakhoza bwino MSCE. Koma mwana yemweyo mukamupatsa mwala wotola kuseri kwa kalasi n'kumufunsa kuti uli m'gulu liti, amangoutembenuzatembenuza. Sitikuwanena anawo. Ambiri a ife tidaphunzira miyala pa zithunzi za m'buku, zina zosaoneka n'komwe chifukwa cha fotokope. N'kovuta kuphunzitsa kulemera kwa mwala umene sudaunyamulepo. Aphunzitsi a mawa akatuluka ku koleji atagwirapo malasha, mwala wa laimu ndi nsangalabwi, opindula adzakhala ana athu omwe, pakuti aphunzitsi amenewo ndiwo adzabwere kudzaphunzitsa pano.

Chomvetsa chisoni n'chakuti tikuphunzitsa miyala ya pa chithunzi m'dziko limene akatswiri amachokera kutali kudzaona miyala yake. Chilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa chili ndi mwala wotchedwa carbonatite, wofanana ndi laimu koma wochokera ku moto wa pansi, ndipo malowa ndi amodzi mwa oyamba mu Africa pomwe mwala umenewu udazindikiridwa. Ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku phiri la Songwe ku Phalombe kuli miyala ya rare earth, imene amapangira maginito a m'mafoni ndi m'magalimoto oyendera magetsi. Pamwamba pa phiri la Mulanje pali bauxite, dothi lomwe amayengamo aluminiyamu wa mapoto athu. Ku Mchenga m'boma la Rumphi kuli malasha, ku Changalume ku Zomba kuli laimu amene kwa zaka zambiri ankapangira simenti, ku Chimwadzulu ku Ntcheu kuli ruby ndi sapphire, ndipo ku Kayelekera ku Karonga mgodi wa uranium udayamba kugwira ntchito mu 2009. Ngakhale mchenga wakuda wa m'mphepete mwa nyanja ku Makanjira uli ndi zitsulo zimene makampani akuzifuna. Nkhani za migodi zili pa wailesi pafupifupi sabata iliyonse. Yunivesite ya Malawi ku Zomba ndi MUST ku Thyolo amaphunzitsa sayansi ya miyala, koma mwana sangasankhe phunziro limene sadalionepo chiyambi chake. Tikalekerera, ana athu adzakhala onyamula matumba pa migodi ya kwawo, ena akuwerenga mapu ndi kutchula mitengo.

Choncho pempho loyamba, la miyala, tilivomere ndi manja awiri. Ophunzira athu amachokera ku Mangochi, Machinga, Balaka, Zomba, Salima, Nkhotakota ndi kwina, ndipo pa tchuthi chimodzi akhoza kufika malo ambiri kuposa momwe galimoto ya koleji ingafikire pa chaka. Koma pali chinthu chimodzi chimene chimasiyanitsa mwala wa m'chipinda chophunzirira ndi mwala wogendera agalu. Chinthucho ndi pepala. Mwala uliwonse ubwere ndi pepala lonena mudzi, mfumu yaikulu ndi boma kumene watengedwa, tsiku, dzina la wotola, komanso ngati wagumulidwa pa thanthwe kapena wangotoledwa mumtsinje. Amene ali ndi foni yotha kuonetsa manambala a malo alembenso manambalawo. Ukafika kuno tidzaupaka kadontho ka penti yoyera n'kulembapo nambala yofanana ndi ya m'kaundula, kuti pepala likatayika mbiri yake isatayike.

Funso loti wagumulidwa kapena watoledwa si lachabe. Mwala wa pa thanthwe umanena za malo omwewo. Mwala wa mumtsinje ndi mlendo, ukhoza kukhala kuti wayenda makilomita ambiri. Zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, katswiri al-Biruni, polemba za dziko la India, adaona kuti miyala yokumbidwa m'zigwa za kumeneko ndi yobulungira ngati ya mumtsinje, ikuluikulu kufupi ndi mapiri, ing'onoing'ono kutali ndi mapiri, n'kusanduka mchenga kufupi ndi nyanja. Kuchokera pa zimenezo adaganiza kuti chigwacho chidali nyanja imene mitsinje idaikwirira pang'onopang'ono. Adalibe makina aliwonse. Adangoyang'ana mwala n'kukumbukira pamene waupeza. Mwana wa Fomu 1 akhoza kuchita chimodzimodzi pa mtsinje wa kwawo.

Mwala ukakhala m'manja, phunziro limayamba lokha. Nsangalabwi imakanda galasi, pomwe mwala wa laimu sungathe. Pa muyeso wa kulimba kwa miyala umene umayambira 1 kulekeza 10, nsangalabwi ili pa 7, ruby pa 9, ndipo calcite wa mu laimu ali pa 3. Mukadontheza asidi wosungunula pa laimu amachita thovu, ndipo ngakhale viniga wa kukhitchini amachititsa thovu pang'ono mukayamba mwaupera mwalawo. Maginito akadutsa pa mchenga wakuda wa kunyanja amatola tizidutswa ta chitsulo. Mwana amene wachita zimenezi kamodzi safunikanso kuloweza.

Tsopano pempho lachiwiri, lomwe ladzetsa mafunso ambiri. Kholo lina lidatifunsa pa geti kuti, n'chifukwa chiyani koleji ikufuna kugula mafupa abodza pomwe enieni ali konkuno ku Malawi? Funsoli ndi labwino, ndipo yankho lake ndilo mtima wa nkhani yonseyi.

Fupa loumba limapangidwa ngati njerwa, pa chikombole. Kusiyana kwake n'kwakuti chikombole chimatengedwa pa fupa lenileni. Amayamba alitsuka ndi kulilimbitsa ndi guluu wopyapyala, kenako amalikuta ndi labala wamadzimadzi wotchedwa silicone, amene amalowa m'timing'alu ndi m'timizere tonse. Labalayo akauma amamuvekera chigoba cholimba kunja kuti asapindike, n'kutulutsamo fupa lija. M'malo mwake amathiramo ufa woyera uja amaumbira chikhakha kuchipatala, kapena pulasitiki wamadzi amene amauma n'kulimba, ndipo pomaliza amapaka utoto wofanana ndi wa fupalo. Masiku ano ena amajambula fupa mbali zonse ndi makina n'kulisindikiza pa makina a 3D osalikhudza n'komwe. Chotulukacho chili ndi msinkhu, maonekedwe ndi zipsera zonse za fupa lenileni. Chikombole chimodzi chimatulutsa angapo chisanathe. Sitibisa kuti pali zimene fupa loumba silingaonetse: kulemera kwenikweni, za m'kati mwake, ndi zimene akatswiri amapima mu labotale. Koma wophunzira uphunzitsi safuna zimenezo. Amafuna kugwira, kuyeza ndi tepi, kuyerekeza ndi fupa la ng'ombe, ndipo likagwa n'kusweka dziko silinataye kanthu.

Amene adafikako ku Cultural and Museum Centre Karonga, yomwe idatsegulidwa mu 2004, adaona chigoba cha Malawisaurus, dinosaur ya khosi lalitali yodya masamba, yotalika ngati basi yaikulu, imene idakhala m'dera limenelo zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Chigoba chimenecho n'choumba. Palibe amene amatuluka m'menemo akudandaula kuti wanamizidwa. Ndi mmene zimakhalira kulikonse. Mu 1905 ku London adaimika chigoba choumba cha Diplodocus, cha zidutswa 292, mphatso ya Andrew Carnegie, pomwe mafupa enieni adatsala ku Pittsburgh ku America. Zigoba zina zochokera pa zikombole zomwezo zidapita ku Berlin, Paris ndi mizinda ina, ndipo ana a kumeneko akhala akuphunzirapo kwa zaka zoposa 100.

Mbiri ya Malawisaurus yomweyo ikutiphunzitsa chifukwa chake fupa lenileni liyenera kukhala pamalo amodzi odziwika. M'zaka za m'ma 1920, Frank Dixey, katswiri wa miyala wa boma la Nyasaland, adatolera mafupa ku Karonga. Adatumizidwa ku South Africa, komwe Sidney Haughton adawafotokoza mu 1928 n'kuwapatsa dzina la Gigantosaurus dixeyi, ndipo adasungidwa ku Cape Town. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, akatswiri a boma la Malawi pamodzi ndi a Southern Methodist University ya ku America adakumbanso ku Mwakasyunguti n'kupeza mafupa ambiri, kuphatikizapo zidutswa za mutu, zomwe sizipezekapezeka pa nyama za mtundu umenewu. Poyerekeza atsopanowo ndi akale aja, mu 1993 Louis Jacobs ndi anzake adaona kuti nyamayi ndi ya mtundu wakewake, ndipo adaitcha Malawisaurus. Izi zidatheka patapita zaka 65 chifukwa mafupa oyamba aja adali ndi nambala, adali m'kaundula, ndipo zidali zodziwika kumene adachokera. Mmodzi wa olemba mu 1993 adali Mmalawi, mayi Elizabeth Gomani, amene mu 1997 adafotokoza kang'ona kakang'ono kamakedzana kotchedwa Malawisuchus, ndipo mu 2005 adatcha dzina dinosaur ina ya ku Karonga, Karongasaurus. Atsikana athu adziwe kuti ntchito imeneyi mayi wa dziko lino adaigwira kale.

Anzathu a ku Zambia ali ndi nkhani yowawa pa zomwezi. Mu 1921 anthu okumba mtovu ndi zinc pa mgodi wa Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe, adapeza chibade cha munthu wamakedzana. Chidatengedwa kupita ku London, ndipo mpaka lero chili ku Natural History Museum. Dziko la Zambia lakhala likupempha kwa zaka zambiri kuti chibwerere, koma zimene ana a kumeneko amaona m'nyumba zawo zosungiramo zinthu zakale ndi zoumba. Phanga limene chidapezekamo lidakumbidwa lonse ndi mgodi, moti akatswiri adavutika kwa zaka pafupifupi 100 kuti adziwe msinkhu wake. Pamenepa zinthu zidatembenuka: chenicheni chidapita kwa alendo, choumba chidatsala kwa eni. Dongosolo labwino n'lakuti chenicheni chikhale kwawo, m'manja mwa boma, ndipo zoumba ziziyenda kupita ku makoleji, ku masukulu ngakhale kunja kwa dziko. Koleji imene ikusankha zoumba ikutsata dongosolo limeneli, ndipo ife tiyenera kuithandiza.

Pali njira ya chidule imene tikufuna kuitsekeratu. Wina akhoza kubwera ndi fupa lolemera ngati mwala, kapena dzino, kapena chikuni chosanduka mwala, n'kunena kuti akugulitsa motchipa, tipereke ku koleji m'dzina la sukulu. Tisagule. Lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zoterezi, ndipo kuzikumba kapena kuzitulutsa m'dziko popanda chilolezo cha boma ndi mlandu. Kuwonjezera pa lamulo, fupa lozulidwa ndi khasu lataya kale theka la phindu lake, chifukwa msinkhu wake umadziwika poona dothi ndi miyala imene lidagonamo, ndipo mafupa anzake amene adali pambali pake amakhala aphwanyika. Tikagula limodzi, wogulitsayo abwerera kukakumba ena. Wophunzira akapeza chinthu chooneka ngati fupa lakale m'chigwembe, achisiye pomwepo, achijambule ngati ali ndi foni, aike chizindikiro, auze amfumu ndi aphunzitsi, ndipo ife tidzadziwitsa nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Safunsa adadya phula.

Ena anena kuti sukulu ili ndi mavuto akeake, madesiki ndi osakwanira, mankhwala a mu labotale adatha, ndiye miyala ndi mafupa n'zachiyani? Tikugwirizana nawo pa mfundo imodzi: ndalama za fizi ndi za thumba lothandiza ana amasiye zisakhudzidwe ngakhale tambala. Koma tiyeni tione zimene zikufunikadi. Miyala ndi yaulere. Mapepala ndi bolopeni tili nazo. Chotsala ndi kachitini ka penti, kabati ya madirowa imene kalipentala wa pamsika pano akhoza kukhoma, ndi thiransipoti ya ulendo umodzi. Za mafupa oumba, tikupempha chopereka cha mwaufulu, aliyense monga angathere, ndipo ngati chingakwane fupa limodzi lokha, limodzi lomwelo likhale lathu. Koleji yalembera masukulu ambiri. Mutu umodzi susenza denga, ndipo palibe amene akutiuza kuti tisenze tokha.

Enanso afunsa ngati zinthu zoumbazi n'zoyenera pa sukulu ngati yathu. Kugamula za chipembedzo si ntchito ya tsamba lino, ndipo komiti ili ndi masheikh oti iwafunse. Ife tingofotokoza chinthucho mmene chilili kuti ofunsidwawo ayankhe akuchidziwa. Ndi fupa la msana, la mwendo kapena chibwano, chida choyezera ndi kuphunzirira, chimodzimodzi chigoba cha pulasitiki chimene masukulu amagwiritsa ntchito pa Biology pophunzitsa ana amene mawa adzakhale anamwino ndi madokotala.

Tidanena kuti tivomere ndi mfundo zathu. Mfundozo ndi zinayi, ndipo tikupempha komiti kuti izilembe m'kalata yoyankha. Yoyamba, mwala uliwonse wochokera kuno ulowe m'kaundula wa koleji ndi dzina la sukulu, la wotola ndi la malo. Yachiwiri, koleji itibwezere mayina enieni a miyalayo ikaipima, ndipo ikakayika ifunse ku Geological Survey ku Zomba, kuti mwana adziwe chimene adatola. Yachitatu, ndalama zathu zigule zoumba zokhazokha, kwa anthu amene ali ndi chilolezo cha eni mafupa enieniwo, chilichonse chikhale ndi pepala lonena kuti n'choumba, chidatengedwa pa fupa liti, ndipo fupalo likusungidwa kuti. Tikadakonda kuti ayambe ndi za kwathu kuno, monga Malawisaurus, asanafike ku za maiko ena. Yachinayi, kamodzi pa chaka koleji izitibwereka bokosi la zoumba kwa masabata angapo, kapena izilandira kalasi yathu imodzi. Mfundo yomalizayi ikakanidwa, tipereke miyala yokha, ndalama zikhale.

Kwa inu ophunzira, ntchito ya tchuthi ndi iyi. Aliyense abwere ndi miyala iwiri ya mtundu umodzi, yaikulu ngati chibakera, umodzi wa koleji, wina wa kabati yathu. Sankhani wogumulidwa kumene, wooneka m'kati, pakuti kunja kwa mwala kumasintha ndi mvula ndi dzuwa. Pogumula tetezani maso. Musalowe m'maenje a migodi kapena m'makwale, musatole kanthu m'malo otetezedwa monga Liwonde National Park, kumanda, kapena pa matanthwe ojambulidwa ndi makolo akale ngati a ku Chongoni ku Dedza. Pemphani kaye kwa mwini munda kapena kwa amfumu. Musaderere mwala chifukwa ndi wosawala. Chipinda chophunzirira chimafuna mwala wamba wa m'dera lililonse kuposa mwala umodzi wonyezimira wosadziwika kwawo. Kulungani mwala uliwonse m'nyuzipepala pawokha, pepala lake lili m'kati.

Kwa inu makolo, mwana akakufunsani dzina la phiri, la dambo kapena la mtsinje, muuzeni, ndipo muuzenso dzina limene agogo ankautchula mwalawo ndi ntchito yake, kaya unali wa mphero, wonolera mpeni kapena wokulungira mbiya. Zimenezo zilembedwe pa pepala lomwelo, m'Chichewa kapena m'Chiyao. Koleji ili ndi mabuku a mayina a sayansi, koma mayina amenewa ilibe.

Kwa inu akuluakulu a komiti, tikupempha kabati, penti, ulendo umodzi, ndi chilolezo choika bokosi la chopereka cha mwaufulu pa tsiku lotsekera. Sukulu ikadzatsegulidwa, Insha Allah, tidzayala miyala yonse pa matebulo m'holo, uliwonse ndi pepala lake, ndipo tidzakuitanani nonse kuti mudzaione isanapite.